Za Chidindo cha Masiku 30



Sipapita mwezi wathunthu osafika mayi kapena bambo pakhomo pathu, mapemphero a Lamulungu atatha, kudzapempha kalata ya ubatizo ya mwana wawo amene ali pafupi kunyamuka kunka ku Joni. Ife timatsegula buku, nitipeza dzina, nitilemba kalatayo kuti Bambo Mfumu akasaine, koma tisanaipereke timafunsa funso limodzi, kuti, "Kodi mwanayu akakhala kumeneko ndi pepala lanji?" Yankho lake limakhala lomwelo masiku onse: "Aphunzitsi, musade nkhawa, pasipoti watenga kale." Pamenepo mtima wathu umatsika, pakuti nafenso tinawayankha chomwecho amayi athu m'chaka cha 2016, ndipo tinkayesa kuti tanena zonse.

Tsono tafuna kukufotokozerani zimene tinaona ndi maso athu, ngakhale zina mwa izo zitichititsa manyazi.

Pasipoti ndi kalata ya boma lathu yochitira umboni kuti munthu uyu ndi wa kuno, dzina lake ndi lakuti, anabadwa tsiku lakuti. Siilamula boma la eni ake kanthu kalikonse. Chimene chimlola munthu kukhala kwa eni ndi chidindo chimene iwo amadinda m'kati mwake pachipata, ndipo pa chidindocho pamalembedwa tsiku. Mmalawi amaloledwa kulowa m'dziko la South Africa wopanda viza kwa masiku osapitirira 30, ngati mlendo wodzacheza. Kugwira ntchito saloledwa. Tsiku lolembedwalo likapita, pasipoti imakhala yatsopano ndi yokongola monga kale, koma mwini wake wasanduka wolakwira lamulo.

Makolo athu amasokonezeka pa chinthu chimenechi chifukwa akumbukira za kale, ndipo sitiwadzudzula. Ulendo wa kumwera suli wa lero. Bungwe limene boma la Nyasaland linaika mu 1935 kuti lifufuze za amuna otuluka m'dziko linapeza kuti anali ngati 120,000, ndipo dzina lakuti matchona linali litamveka kale m'midzi. Agogo athu anayenda pansi kunka ku Halale atapinda chitupa m'thumba la malaya. Atate athu anapita pa Wenela: anadinda chala pa pepala la mgwirizano, nawapima m'chifuwa, nawakweza ndege, ndipo za makalata onse inkasamala ndi kampani. Gawo lina la malipiro ankalilandira atabwera kumudzi. Sitinena kuti inali nthawi yabwino. Atate anabwera ndi bulangeti, sutikesi ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka kumanda. Komabe khomo la lamulo linalipo la munthu wosauka wosadziwa kulemba. Khomo limenelo linayamba kutsekeka mu Epulo 1974, pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown nipha Amalawi oposa 70, ndipo Dr Banda analetsa kulemba anthu a kumigodi. Linatsegukanso pang'ono mu 1977, pa dzina la Theba, nilitsekekanso mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi. Kuyambira pamenepo mnyamata wa kumudzi amapita yekha, ndipo makalata ake ndi mlandu wake.

Ife tinanyamuka mu Meyi 2016, chaka cha chilala chija pamene boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Tinali ndi ana atatu, nkhokwe ili pululu, ndipo mphwathu, amene anali atakhala kale ku Johannesburg zaka ziwiri, anatitumizira ndalama ya basi. Tinatulukira pa Mwanza, nitiwoloka Zambezi pa Tete, nitilowa Zimbabwe pa Nyamapanda, ndipo usiku wachiwiri tinaima pa mzere wautali pa Beitbridge. Atatidindira, anzathu a m'basi anapsompsona mapasipoti awo ndi kuwabisa m'kati mwa malaya. Ife tokha, amene tinakhalako zaka ku seminale ndi kuphunzira Chingerezi ndi Chilatini chomwe, tinaima pansi pa nyale nitiwerenga tsiku lolembedwalo, nitimvetsa bwino lomwe tanthauzo lake. Chifukwa chake sitingathe kunena monga anena ena, kuti sitinadziwe.

Ntchito tinaipeza msanga, pakuti Amalawi ali ndi mbiri yabwino kumeneko pa ntchito za pakhomo. Tinayamba ndi kuthirira maluwa ndi kutchetcha kapinga kwa mayi wina wokalamba, ndipo ataona kuti tidziwa kulemba bwino, mwana wawo anatitenga kuti tizilemba katundu wolowa ndi wotuluka m'sitolo yake. Bwana ameneyu anali munthu wachilungamo. Tsiku lina anati, "Sindifuna kuti uzigwira ntchito mobisala, tiye tikafunse njira yake." Tinakondwa kwambiri, nitivala jekete lathu la ku tchalitchi.

Zimene tinamva tsiku limenelo tikuzikumbukira monga munthu akumbukira mafunso a katekisimu. Kuti mlendo alandire viza ya ntchito wamba, pa nthawi imeneyo bwana wake anayenera kuyamba walengeza ntchitoyo, kenaka nkutenga kalata ya ku unduna wa za ntchito yochitira umboni kuti wafunafuna ndithu, koma sanapeze nzika ya dzikolo yokhoza kuigwira. Wantchitoyo anayenera kubweretsa kalata ya apolisi ya dziko lililonse kumene anakhalako chaka chathunthu chikwanitsire zaka 18, kalata ya dokotala, chithunzi cha m'chifuwa, pepala la mgwirizano wa ntchito, ndi masatifiketi a sukulu oyesedwa ndi bungwe la SAQA, limene limaona ngati maphunziro a kunja alingana ndi a kumeneko. Ndipo pamwamba pa zonsezi panali mwala waukulu: kuyambira mu Meyi 2014, munthu wolowa ngati mlendo wodzacheza sankaloledwa kusintha chidindo chake kukhala viza ya ntchito ali m'dzikomo, koma anayenera kubwerera kwawo ndi kukapempha ku ofesi ya kazembe wa South Africa, imene kwa ife ili ku Lilongwe.

Bwana wathu anamvetsera zonsezi ali chete, napukusa mutu. Kodi akanalumbira bwanji kuti m'dziko lodzala ndi anyamata osowa ntchito mulibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuwerenga makatoni a sopo? Panalinso viza ina, ya anthu a luso losowa, ndipo tinapempha kuona mndandanda wake. Munali mainjiniya, madokotala ndi akatswiri a makompyuta. Tinauwerenga kawiri, ndipo Chilatini sitinachipezemo.

Pano tinene chinthu chimene ambiri kumudzi sachidziwa. Anzathu a ku Zimbabwe amene tinkapemphera nawo anali ndi mapemiti apadera, amene boma la South Africa linayamba kupereka kwa anthu a dziko lawo mu 2010 nilimawawonjezera nthawi. A ku Lesotho nawonso analandira awo pambuyo pake. Amalawi sanapatsidwe chifundo chotere. Tsono mnyamata akamva kuti mnzake wa ku Masvingo ali ndi pemiti nagwira ntchito ya m'gadeni poyera, asayese kuti iyenso akaipeza. Mu Okutobala 2024 lamulo la viza ya ntchito linasinthidwa, nayamba kuwerenga mapointi potengera maphunziro, kukula kwa malipiro ndi zaka zimene munthu wagwira ntchito. Koma kusinthaku kunathandiza ophunzira kwambiri ndi olandira ndalama zambiri, osati wothirira maluwa.

Khomo la kumaso likatsekeka, anthu amazungulira kuseri, ndipo ifenso tinazungulira. Njira yoyamba inali yotumiza pasipoti. Masiku 30 akayandikira kutha, munthu amapereka pasipoti yake ndi ndalama kwa wina wa pa basi, ndipo iyo imayenda ulendo wonse, nidindidwa ngati kuti mwini wake watuluka ndi kulowanso. Pasipoti yathu inapita kuchipata kawiri ife tili m'sitolo kuwerenga makatoni. Kachiwiriko inachedwa masabata atatu, ndipo usiku uliwonse tinkagona tikuganiza kuti dzina lathu ndi nkhope yathu zili m'thumba la munthu amene sitidziwa ngakhale mudzi wake. Itabwera tinaleka, mwina chifukwa cha chikumbumtima, mwina chifukwa cha mtengo wake. Kunena zoona sitidziwa chimene chinalemera koposa. Chidindo chotsiriza chinatha mu Ogasiti 2016.

Njira yachiwiri inali pepala la othawa nkhondo. Ena anatilangiza kuti tikanene kuti tathawa chizunzo kwathu, ndipo adzatipatsa pepala lokhalira kwa miyezi ingapo, lomakawonjezetsa. Iyi tinaikana, pakuti sitinathe kuimirira pamaso pa munthu ndi kunamizira dziko lathu nkhondo imene kulibe. Ndiponso amene amalangiza njirayi sanena mbali yake ina: munthu wonena kuti wathawa kwawo sangapite kwawoko kukacheza pa Khirisimasi nkubwerera, pakuti potero waonetsa yekha kuti sanathawe kanthu.

Njira yachitatu ndiyo imene itichititsa manyazi koposa. Munthu wina wovala bwino, wolankhula chinenero chathu, wodziwa kutchula midzi ya kwathu, anati ali ndi mnzake m'kati amene angatiikire viza ya zaka zitatu m'pasipoti. Tinampatsa malipiro athu a miyezi iwiri, ndalama imene inayenera kugula feteleza kumudzi. Anatiuza kuti tidikire sabata imodzi. Sabata itatha foni yake inaleka kulira. Tinalira ndi mkwiyo masiku ambiri. Pambuyo pake tinadzamva kuti munthu wopezeka ndi viza yachinyengo amalembedwa kukhala woletsedwa m'dzikomo, chiletso chosawerengedwa zaka, ndipo akhoza kumangidwa. Ndipo tinazindikira kuti wakuba uja, pothawa asanagwire pasipoti yathu, anatichitira chifundo chimene sanachifune.

Kotero tinakhala chaka ndi miyezi itatu opanda pepala. Anthu amafunsa ngati tinkagona ndi njala. Iyayi, tinkadya bwino kuposa kumudzi, ndipo ana athu anadya ndi kuvala chifukwa cha ulendowo. Ichi sitichibisa, kuopa kuti mungatiyese onama. Chovuta chinali china. Munthu wopanda pepala amaphunzira kuyenda moyang'ana pansi. Akaona galimoto ya apolisi amakhota njira. Bwana woipa akam'mana malipiro sapita kukadandaula. Akabedwa amangokhala chete. Dzina la Lindela, malo a ku Krugersdorp kumene amasungira alendo oyembekeza kubwezedwa kwawo, tinkalitchula monong'ona. Ndalama tinkasunga m'chitini, chifukwa ku banki amafuna makalata. Ngakhale ku Misa tinkasankha mpando wa pafupi ndi khomo.

Koma unyolo weniweni tinauzindikira mu Novembala 2017, pamene mlongo wathu anaimba foni usiku kuti amayi adwala kwambiri ndipo aleka kudya.

Kale munthu wopitirira masiku ake ankalipira chindapusa potuluka, nkutha. Kuyambira mu 2014 lamulo ndi lina: wopitirira ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowanso chaka chimodzi, ndipo wopitirira ndi masiku oposa 30 amaletsedwa zaka zisanu. Tsono taonani m'mene lamuloli ligwirira munthu. Silimtsekera kunja kokha, limtsekeranso m'kati. Iye adziwa kuti tsiku limene adzaponda pachipata ndi pasipoti yake, ntchito yatha, nyumba yatha, ndipo sadzaonanso dzikolo zaka zisanu. Chifukwa chake amati ndipita chaka chamawa, ndiyambe ndamanga nyumba, ndiyambe ndagula malata, ndipo zaka zimapita. Inu amayi amene mumati mwana wanu wakuiwalani, kapena wakodwa ndi akazi a m'tauni, nthawi zina sizili choncho. Matchona ambiri a masiku ano ndi anthu oopa chipata.

Usiku umenewo tinakhala pansi ndi mphwathu m'kachipinda kake ka kuseri kwa nyumba ya bwana wake. Mkazi wake anali atagoneka mwana wawo wa chaka chimodzi, wobadwira konko. Tinakhala nthawi yaitali osalankhula, ndipo potsiriza iye anati, "Achimwene, tikapita tonse, adzatumiza ndani ndalama ya mankhwala? Nanga awa ndiwasiyira yani?" Pasipoti yake inali itapitirira masiku kalekale, ndipo ya mkazi wake chimodzimodzi. Ife tinati, "Mkulu ndine, ndipita ine. Iwe khala." Anatulutsa ndalama zonse za m'chitini chake natipatsa, natiperekeza ku Park Station m'mawa, osatsika m'galimoto chifukwa panali apolisi.

Pa Beitbridge tinapereka pasipoti tikunjenjemera. Mayi wa pawindo anaitsegula, nawerenga tsiku, natiyang'ana, nafunsa chifukwa chake. Tinati amayi athu akudwala. Sanatikalipire. Analemba pepala, natiuza kuti taletsedwa kulowa m'dzikomo zaka zisanu, ndi kuti ngati tili ndi chifukwa chomveka tikhoza kulemba kalata yodandaula. Natifunira ulendo wabwino. Chinthu chimene tinachiopa miyezi yonse ija chinatha m'mphindi khumi, ndipo tikuwoloka Limpopo tinamva thupi lathu kupepuka, ngakhale tinali titataya ntchito yabwino koposa zonse tinagwirapo.

Tinawapeza amayi ali moyo. Anatsegula maso, natizindikira, nayang'ana kumbuyo kwathu kukhomo, nati, "Mwabwera nokha? Mphwanu ali kuti?" Tinati, "Amayi, akubwera, makalata ake sanakonzeke." Anati, "Makalata anji? Si anatenga pasipoti?" Sitinathe kuwafotokozera. Anamwalira patapita masiku anayi, ndipo mphwathu anamva nyimbo za kumanda pa foni imene mlongo wathu anaikweza m'mwamba pakati pa anthu.

Chaka chotsatira Bambo Mfumu anatipatsa ntchito imene tili nayo lero, ndipo m'menemo taphunzira kuti mavuto a makalata amayambira kumudzi konkuno, munthu asanakwere basi. Timaona mnyamata amene m'buku la ubatizo ali ndi dzina lina, pa satifiketi ya sukulu dzina la atate ake, pa chitupa cha unzika dzina la mfunda. Wina chaka chobadwa chasiyana pawiri, chifukwa anachichepetsa kuti abwereze Sitandade 8. Wina dzina lomwelo lalembedwa ndi L apa ndi R apo. Kwa ife a Chichewa zilembo ziwirizi ndi pachibale, koma kwa kalaliki wa dziko lina ndi anthu awiri osiyana. Chiyambire kalembera wa unzika wa mu 2017, pamene anthu oposa 9 miliyoni analembedwa, dzina la pa chitupa chimenecho ndilo limatsogolera, ndipo nkwapafupi kukonza cholakwa muli kuno kusiyana ndi muli ku Johannesburg. Timawauzanso anyamata kuti ajambule tsamba la pasipoti ndi kusiya chithunzicho kwa makolo, ndi kuti wotaya pasipoti kumeneko asataye mtima: dziko lathu lili ndi kazembe ku Pretoria ndi ofesi ku Johannesburg, kumene munthu angapemphe chikalata chobwererera kwawo.

Amene amatidetsa nkhawa koposa ndi ana obadwira kumeneko. Ambiri amayesa kuti mwana wobadwira ku South Africa ndi nzika ya dzikolo. Sizili choncho ngati makolo onse awiri ndi alendo. Lamulo limamlola kudzapempha unzika atakwanitsa zaka 18, ngati wakhala m'dzikomo chibadwire ndipo kubadwa kwake kunalembedwa. Koma makolo opanda makalata amaopa kupita kukalembetsa, ndipo mwana amakula wosalembedwa kumeneko, wosalembedwanso kuno. Mwana wa mphwathu kwa zaka zambiri anali ndi mapepala awiri okha padziko lonse lapansi: khadi la kusikelo ndi kalata ya ubatizo. Sukulu analowa chifukwa bwalo lalikulu la ku Makhanda linagamula mu Disembala 2019 kuti mwana asakanizidwe maphunziro chifukwa chosowa makalata. Amalankhula Chizulu ndi Chingerezi bwino, Chichewa pang'ono. Pa foni amatitcha "abambo aakulu" monga anamphunzitsira, ndipo mudzi wa makolo ake amaudziwa pa zithunzi.

Chiletso chathu chinatha mu 2022. Sitinabwerereko, ndipo pepala lija talisunga m'bokosi limodzi ndi chitupa cha agogo. Anyamata akabwera kudzatenga kalata ya ubatizo timalitulutsa kuti aliwerenge okha. Sitiwaletsa kupita, pakuti tidziwa chimene chimawathamangitsa, ndipo ife amene tinapita tilibe nkhope yoletsera ena. Ena amawerenga nafunsa mafunso, ena amaseka nati, "Aphunzitsi, zimenezo tikaonera konko."

Manda a amayi mpaka lero alibe chiliza. Abale anagwirizana kuti sitingamange mwana wawo wotsiriza palibe, ndipo iye chaka chilichonse amati abwera chilimwe chikubwerachi. Ndalama ya simenti anatumiza kale mu 2019, nitigula matumba asanu ndi limodzi, nitiwaika m'chipinda pamwamba pa matabwa. Mwezi wathawu tinapita kukawaona ndi mlongo wathu, ndipo tinapeza onse ataumiratu ngati miyala. Tamlembera kuti asatumizenso ina mpaka atagula tikiti ya basi.